MPIRA WALOWA M'THUMBA: PHUNZIRO LA INTANETI YOTHAMANGA NDI WAILESI YA KANEMA

Pakati pa anyamata a pa seminale palibe nkhani imene imautsa mkangano msanga kuposa ya mpira wamiyendo. Wina ndi wa Bullets, wina wa Wanderers, wina wa Moyale. Tikaoloka nyanja, wina ndi wa Arsenal, wina wa Manchester United. Koma tikafunsana kuti, "Kodi chithunzi cha mpira umene ukuseweredwa ku London chimafika bwanji pa Chikangawa, ndipo amalipira ndani?" ambiri timangoti kukamwa yasa. Phunziro lino likuyesa kuyankha funso limeneli. Tiona kuti makampani akuluakulu a pa dziko lapansi ali pa mpikisano woopsa, ndipo chimene akulimbirana kwenikweni ndi maso athu, nthawi yathu ndi ndalama za makolo athu.

1. KUMENE TACHOKERA

Wailesi ya MBC inayamba m'chaka cha 1964. Pa zaka zonse za ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda dziko lino linalibe wailesi ya kanema. Agogo athu mpira ankauona ndi makutu. Anthu ankazungulira kawailesi kamodzi ka mabatire, muulutsi akafuula kuti chigoli, mudzi wonse unkadziwira pamodzi. Television Malawi inatsegulidwa pa 1 April 1999, patapita zaka 35 chilandirire ufulu wodzilamulira.

Pa nthawiyo n'kuti kampani ya MultiChoice ya ku South Africa itayambitsa kale DStv m'chaka cha 1995. Kudzera pa SuperSport, mpira wa ku Ulaya unayamba kutsika kuchokera ku setilaiti kudzagwera pa dishi. M'boma la Mzimba madishi anafala msanga chifukwa abambo ndi achimwene ambiri amagwira ntchito ku Joni, ndipo pobwera kumudzi amanyamula kanema, sola ndi batire. Pa malo a malonda monga pa Jenda, pa boma la Mzimba ndi pa Chikangawa panabadwa tinyumba ta vidiyo sho. Mwini wake amalipira DStv pa mwezi, amagula mafuta a jenereta, ndipo oonera amapereka kangachepe pakhomo. Kanema mmodzi, maso ambirimbiri.

Kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'Malawi, pafupifupi 12 zokha ndi zimene zinali ndi kanema, pamene zoposa theka zinali ndi foni ya m'manja. Sungani manambala awiriwa, pakuti ndiwo akufotokoza chifukwa chimene amalonda atembenukira ku foni.

2. KODI INTANETI YOTHAMANGA N'CHIYANI?

Tiyerekeze ndi matabwa a m'nkhalango ya Viphya. Ngati pali kanjira ka miyendo kokha, munthu amasenza thabwa limodzi kapena awiri pa ulendo. Koma pa msewu wa tala wa M1, lole imodzi imanyamula matabwa mazanamazana kupita ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Intaneti nayonso ndi msewu, ndipo katundu wake ndi mawu ndi zithunzi. Uthenga wolemba ndi katundu wopepuka, ungathe kudutsa pa kanjira. Koma kanema ndi katundu wolemera kwambiri, chifukwa pa sekondi iliyonse pamafunika zithunzi 25 kapena kuposerapo. Msewu ukachepa, chithunzi chimaima, kampira kaja kamangozungulira pakati pa galasi, osewera atauma ngati zitsa.

Liwiro la intaneti amaliyeza m'mamegabiti pa sekondi. Kuti chithunzi chioneke bwino osadukaduka pamafunika mamegabiti 5 kapena kuposerapo.

Pali kusiyana kwina kofunika kukumvetsa. Setilaiti ya DStv ili ngati mvula: imagwa pa dziko lonse nthawi imodzi, ndipo aliyense wokhala ndi dishi ndi dikoda amangotchera. Kaya otchera ndi 10 kaya ndi 10 miliyoni, mvulayo sichepa. Intaneti ili ngati mjigo: aliyense amatunga m'ndowa yakeyake, ndipo anthu akachuluka pa nsanja imodzi ya netiweki, onse amatunga pang'onopang'ono. N'chifukwa chake pa tsiku la mpira waukulu foni imavuta. N'chifukwa chakenso woonera pa foni nthawi zambiri amatsalira ndi masekondi angapo, mwakuti womvera pa wailesi amayamba kulumpha, wa foni mpira ukadali pakati pa bwalo.

Nanga msewu umenewu unafika bwanji kwathu kuno? Intaneti yambiri ya pa dziko lapansi imayenda m'nthambo za faiba zoyalidwa pansi pa nyanja zamchere. Nthambo ya SEACOM inafika ku gombe la kum'mawa kwa Africa mu 2009, ndipo ya EASSy mu 2010. Popeza Malawi sanayandikane ndi nyanja yamchere, timalumikizidwa kudzera m'maiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene zimakweza mtengo. Mu 2018 boma linatsegulira nthambo ya faiba yolumikiza maboma, imene inaikidwa m'manja mwa ESCOM. Kampani ya TNM inayambitsa 4G mu 2016, Airtel mu 2018. Mu 2023 kunabwera Starlink, imene imatsitsa intaneti kuchokera ku masetilaiti ouluka pa mtunda wa makilomita pafupifupi 550, pamene setilaiti ya kanema imakhala pa makilomita pafupifupi 36,000. Kwa anthu okhala m'mapiri monga a Viphya, kumene netiweki ya foni imabisala kuseri kwa zitunda, njira imeneyi ndi yothandiza, koma zipangizo zake ndi zodula moti banja wamba silingazikwanitse.

3. NKHONDO INAYAMBIRA KU ENGLAND

Kuti wailesi ya kanema ionetse mpira, iyenera kugula chilolezo kwa eni ligi. Chilolezocho amachigulitsa ngati fodya pa okushoni: wopereka ndalama zambiri ndiye amatenga.

Premier League ya ku England itayamba mu 1992, kampani ya Sky pamodzi ndi BBC anagwirizana zolipira mapaundi 304 miliyoni pa zaka 5. Kwa zaka zambiri Sky inali ngati tambala mmodzi m'khola. Koma mu 2012 kunatulukira mdani wosayembekezeka, kampani ya BT, imene ntchito yake inali ya malamya ndi intaneti. Inalipira mapaundi 738 miliyoni kuti izionetsa masewero 38 pa chaka kwa zaka 3. Mungafunse kuti, kampani ya malamya ifuna chiyani ku mpira? Yankho lake ndi ili: Sky inali itayamba kugulitsa intaneti ndi kulanda makasitomala a BT. Tsono BT inagula mpira n'kumaupereka mwaulere kwa anthu ogula intaneti yake. Mpira unasanduka nyambo, ndipo mbedza inali intaneti.

Chifukwa cha kupikisanako mtengo unakwera mochititsa mantha. Mu 2012 chilolezo chonse cha m'dzikomo chinagulidwa pa mapaundi 3 biliyoni, ndipo mu 2015 chinafika pa 5.1 biliyoni. Mu 2019 kampani ya Amazon, yogulitsa katundu pa intaneti, inayamba kuonetsa masewero 20 pa chaka popanda dishi, kudzera pa intaneti yokha. Mgwirizano umene unalengezedwa mu December 2023 unali wa mapaundi 6.7 biliyoni pa zaka 4 kuyambira mu 2025.

M'kalasi timaphunzira kuti amalonda akamapikisana, wogula amapindula. Pa tomato wa pa Jenda zimenezi n'zoona, chifukwa mayi uyu akakweza mtengo umapita kwa mnzake. Koma pa mpira sizili choncho. Sewero la Liverpool ndi Chelsea ndi limodzi lokha, ndipo amene waligula amaligulitsa yekha. Chotero wochemerera wa ku England wofuna kuona timu yake nthawi zonse anayamba kulipira makampani awiri kapena atatu m'malo mwa imodzi. Paja amati njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu.

4. NKHONDOYO YAFIKA PAKHOMO PATHU

Kampani yoonetsa mpira wa ku Ulaya kuno ku Africa imalipira chilolezo ndi ndalama zakunja, koma kwa ife imatolera makwacha. Kwacha ikagwa, kampaniyo imafuna kukweza mtengo. Ndalama yathu inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu November 2023. Apa mungaone kuti chimene chachitika ku London ndi ku Lilongwe chimafika mpaka pa khomo la vidiyo sho ya pa Chikangawa.

M'chaka cha 2023 panabuka kusamvana pakati pa MultiChoice ndi bungwe la MACRA, loyang'anira za mauthenga m'dziko muno, pa nkhani ya kukweza mitengo. Mu August chaka chimenecho MultiChoice inalengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi. Inabwereranso mu December, bwalo lalikulu la milandu litagamula nkhaniyo. Miyezi imeneyo inaphunzitsa okonda mpira kuti kudalira khomo limodzi n'koopsa, ndipo ena anayamba kufunafuna mpira pa foni.

Opikisana nawo achulukanso. Pa msika wa madikoda panalowa StarTimes ya ku China, Azam ya ku Tanzania ndi Zuku ya ku Kenya. Mu January 2024, mpikisano wa Africa Cup of Nations utatsala pang'ono kuyamba ku Ivory Coast, SuperSport inalengeza kuti siuonetsa, chifukwa chilolezo chinali m'manja mwa New World TV ya ku Togo. Anagwirizana kutatsala masiku ochepa chabe. Chaka chomwecho MultiChoice inayamba kugulitsa Premier League yoonera pa foni pokha kudzera pa Showmax, poona kuti mafoni ndi ochuluka kuposa makanema. Mu 2025 kampani ya DAZN inaonetsa mwaulere pa intaneti mpikisano wa matimu a pa dziko lonse umene unachitikira ku America, momwe munalinso Mamelodi Sundowns. M'chaka chomwecho MultiChoice yeniyeniyo inagulidwa ndi Canal+ ya ku France. Tambala wakale uja wapeza kuti m'khola mwalowa atambala ena.

5. ZABWINO ZIMENE TAPEZA

Tisakhale ngati anthu oona zoipa zokhazokha. Intaneti yothamanga yatibweretsera zabwino zingapo.

Choyamba, tikutha kuona ana a kwathu amene akusewera kutali. Temwa Chawinga wa ku Rumphi anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024, akusewerera Kansas City Current, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Kale tikanangomva mphekesera, koma lero atsikana a ku Embangweni ndi ku Euthini angathe kuona zigoli zake pa foni n'kulimba mtima kuti nawonso angathe. Chimodzimodzi chigoli chija Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco ali patali pa 25 January 2022 ku Cameroon. Ngakhale Flames inagonja 2-1, chigolicho chinazungulira dziko lonse lapansi pa WhatsApp ndi pa Facebook usiku womwewo.

Chachiwiri, khomo latsegukira ang'onoang'ono. Kale kuulutsa kanema kunkafuna nsanja ndi makina a ndalama zankhaninkhani. Lero wailesi za m'dziko muno zimaulutsanso pa Facebook ndi pa YouTube, ndipo m'bale wathu wa ku Johannesburg amatha kutsatira za kumudzi. Ngakhale mnyamata wokhala ndi foni yabwino angathe kujambula mpira wa pakati pa midzi iwiri, achibale a ku Joni n'kumaonera.

Chachitatu, msewu womwewo umanyamula Uthenga Wabwino ndi maphunziro. Luntha TV, imene a chipani cha Montfort anakhazikitsa ku Balaka, Radio Maria Malawi ndi Radio Tigabane ya dayosizi ya Mzuzu, zonsezi ndi umboni wakuti Mpingo suopa zida zatsopano. Wophunzira wa Fomu 4 angathe kuona pa foni momwe mtima umapopera magazi, chinthu chimene m'buku amangochiwerenga.

6. MINGA YA M'NJIRA

Koma walira mvula walira matope. Tiyeni tione mbali inayo.

Ndalama. Kuonera kanema pa intaneti kungathe kudya gigabaiti imodzi pa ola, ndipo chithunzi chikakhala chowala kwambiri, mpaka magigabaiti 3. Timu iliyonse ya Premier League imasewera masewero 38 pa chaka. Tikawerengera maola 2 pa sewero, ndiye kuti ndi maola 76. Werengani nokha mtengo wa mabandulo amenewo, muuyerekeze ndi mtengo wa thumba la feteleza kapena fizi ya teremu imodzi. Pa vidiyo sho anthu ambiri amagawana mtengo umodzi, koma pa foni aliyense amasenza yekha.

Nthawi. Ligi yonseyo ili ndi masewero 380 pa chaka, kutanthauza maola 760, omwe ndi masiku opitirira 31 usana ndi usiku. Apa sitinawerengere ligi ya ku Spain, ya ku South Africa kapena Champions League. Kale mpira unkatha muulutsi akatsazika. Lero sutha, chifukwa ukatha uwu foni imakuonetsa wina, kenaka zigoli za dzulo, kenaka mikangano ya ochemerera. Makampani anakonza dala kuti tisachoke, popeza maso athu ndiwo amagulitsa kwa otsatsa malonda.

Umodzi. Vidiyo sho ili ndi zovuta zake, monga phokoso, mawu otukwana, ndi mafilimu osayenera ana. Komabe anthu amaonera pamodzi, ndipo mwana akalowamo, akuluakulu amamuona. Foni imalowa m'bulangete pakati pa usiku, kumene kulibe kholo, mphunzitsi kapena mnzako wokudzudzula. Banja lingathe kukhala pa mphasa imodzi, aliyense ali ku dziko lake.

Juga. Foni imene ikuonetsa mpira ndi yomweyo imene imasunga ndalama, ndiponso ndi yomweyo imene imalandira kubetcha. Munthu safunikanso kuyenda. Lamulo la dziko lino limaletsa ana osakwana zaka 18 kutchova juga, koma foni siona nkhope. Kampani ya juga imakhalapo chifukwa ndalama zimene anthu amaluza ndi zambiri kuposa zimene amapata. Zikanakhala kuti obetcha ndiwo amapindula, kampaniyo ikanatseka kalekale.

Kuba. Pa intaneti pali makomo ambiri oonetsa mpira mopanda chilolezo. Ena amati palibe cholakwa poti eni ake ndi olemera. Koma lamulo lachisanu ndi chiwiri silinasiyanitse katundu wa wolemera ndi wa wosauka. Kuwonjezera apo, makomo otere amadzaza ndi zithunzi zolaula, zokopa za juga, ndi misampha ya akuba ofuna manambala achinsinsi a ndalama za pa foni.

Mpira wa kwathu. Mnyamata wa pa Chikangawa angathe kutchula osewera 11 a Manchester City, koma osadziwa wotchinga pagolo wa timu ya m'boma lake. Ndalama iliyonse yopita ku mpira wakunja ndi ndalama imene sinalowe pa chipata cha bwalo la Mzuzu. Tikapanda kusamala tidzakhala mtundu wa oonera okhaokha, wopanda osewera.

7. MPINGO UKUTIPHUNZITSA CHIYANI?

Pa 4 December 1963, Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa chikalata chotchedwa Inter Mirifica, chonena za nyuzipepala, wailesi, kanema ndi zina zotero. Chikalatachi chimayamikira zida zimenezi ngati zipatso za nzeru zimene Mulungu anapatsa munthu. Koma chimanenanso kuti udindo suli pa oulutsa okha. Womvera ndi woonera ayenera kusankha bwino, achinyamata aphunzire kudziletsa, ndipo makolo ayang'anire zimene zikulowa m'nyumba zawo. Ngakhale Msonkhanowo usanachitike, mu 1958 Papa Pius XII anali atasankha kale Klara Woyera wa ku Assisi kukhala nkhoswe ya wailesi ya kanema.

Ife achinyamata tili ndi chitsanzo cha msinkhu wathu. Carlo Acutis wa ku Italy anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, ndipo Papa Leo XIV anamulengeza kukhala woyera pa 7 September 2025. Ankadziwa bwino kompyuta, ndipo anaigwiritsa ntchito pofalitsa mbiri ya zozizwitsa za Ukaristia. Ankakondanso masewero a pa kompyuta monga mnyamata aliyense, koma anadziikira malire a ola limodzi pa sabata. Sanathawe chida, ndipo chida sichinamulamulire. Paulo Woyera naye, pa 1 Akorinto 9:24-27, akutenga chitsanzo cha othamanga pa mpikisano pofuna kutiphunzitsa kudziletsa. Wosewera amene timamuchemerera anafika pamenepo chifukwa chodzuka m'mamawa kukachita masewero olimbitsa thupi, osati chifukwa chogona ndi foni.

8. NANGA TICHITE CHIYANI?

Kwa anzanga a pa seminale: pa sukulu belu limatithandiza kusunga nthawi, koma pa tchuthi belu kulibe. Pamenepo ndi pamene pamaoneka ngati mwambo uli mumtima kapena uli m'belu. Tisankhiretu sewero limodzi kapena awiri pa sabata, tionere pamodzi ndi ena poyera, likatha tidzuke. Ola lililonse loonera likhale ndi ola lake losewera pa bwalo, lothandiza kumunda kapena lowerenga. Misa, Korona ndi pemphero la madzulo zisasunthidwe ndi ndondomeko ya ligi. Ndipo juga tisaiyandikire n'komwe.

Kwa makolo athu olemekezeka: pogulira mwana foni, kapena polandira imene achimwene atumiza kuchokera ku Joni, chonde khalani naye pansi. Gwirizanani za nthawi yoizimitsa ndi malo amene izigona usiku. Funsani kumene ndalama za bandulo zikuchokera. Simufunika kudziwa Chingerezi kapena kompyuta kuti muone kuti mwana akuwodzera masana kapena kuti ndalama zikusowa m'nyumba. Kuongola mtengo ndi uli waung'ono.

Kwa Abambo ansembe ndi atsogoleri a Miphakati: ngati parishi ili ndi holo ndi magetsi, kodi sizingatheke kuonetsa achinyamata mpira pa malo aulemu, opanda mowa ndi juga, kenaka n'kucheza nawo? Ndipo mpikisano wa mpira pakati pa matchalitchi a m'parishi ungathe kubwezera achinyamata ambiri ku bwalo.

Anthu a ku Chikangawa amadziwa kuti mtengo wa paini umatenga zaka zoposa 20 kuti ufike pochekedwa matabwa, koma moto wolekerera umapsereza nkhalango tsiku limodzi. Moto womwewo ndi umene timaphikira nsima ndi kuwotha m'nyengo yozizira ya June. Intaneti yothamanga ndi moto wotere. Maitanidwe athu ndi maphunziro athu ndi mitengo imene ikukula pang'onopang'ono, ndipo tiyenera kuilambulira njira yotchinga moto nthawi ikadalipo.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Fotokozani kusiyana kwa kuonera mpira pa dishi ndi kuonera pa intaneti.
2. N'chifukwa chiyani kupikisana kwa makampani oonetsa mpira sikutsitsa mtengo monga zimakhalira pa msika wa tomato?
3. Pa tchuthi chapitachi, munatha maola angati pa sabata mukuonera, ndipo angati mukusewera, kugwira ntchito ndi kupemphera?
4. Kodi Mphakati wanu ungachitepo chiyani pothandiza achinyamata amene agwa m'juga?

Klara Woyera ndi Carlo Acutis Woyera, mutipempherere ife.